Galu wanu wamkulu akayamba kusamva, musathamangire chibonga

Anzanga a m'mphepete mwa nyanja, mafana a pa dooko, ndi inu muli m'tauni ndi ku Joni, ndabweranso ndi yaitali. Amene bundle yatsala pang'ono musaope, muno mulibe video, ndi mawu okhaokha. Lero tikambe za agalu okalamba.

Chichewa chathuchi chili ndi msampha umodzi. Mawu oti "wosamva" timawagwiritsa ntchito pawiri. Mwana amene watumidwa kukagula mchere iye n'kukhotera ku mpira timati ndi wosamva. Agogo amene makutu anagontha timatinso samva. Kwa munthu nkhani imatheka chifukwa amadzinenera yekha kuti "kwezani mawu". Galu alibe pakamwa potero. Ndiye galu wamkulu akaleka kubwera pomuitana, anthu amathamangira tanthauzo loyamba lija: wayamba mwano, wakhuta mitu ya usipa, akufunika ndodo. Ena amalumphira kutali kwambiri n'kunena kuti ndi chiwewe. Ndipo mukudziwa nokha kuti kuno kwathu mawu amenewo akangomveka, chotsatira ndi miyala ndi zibonga.

Pakhomo pathu pano ku Nkhotakota tili ndi galu dzina lake Adzatopa. Dzinali anapereka ndi agogo anga aakazi, ndipo amene ankamunena pomutcha choncho anapita naye kumanda osatiuza. Tinamutenga ali kamwana chaka chimene ndinalemba mayeso a Sitandade 8, ndiye panopa ali ndi zaka 12. Ntchito yake kuyambira kale inali kulondera mathandala usiku usipa ukamauma, kuthamangitsa amphaka, ndi kuuwa munthu wachilendo akayandikira koyanika chilimira. Koma chimene ankatchuka nacho pa dooko ponse chinali injini. Maboti ambiri akamabwerera m'bandakucha, iye ankadziwa kulira kwa injini ya madala pakati pa zonsezo. Ife tisanamve kalikonse, galu amadzuka, makutu njo, n'kuyamba kutsetsereka kugombe. Amayi akangoona choncho amatereka madzi a tiyi osafunsa munthu.

Kugontha kwake sikunabwere tsiku limodzi. Kunatenga zaka pafupifupi zitatu, ndipo kunayenda mwa masitepe. Choyamba kutha chinali makoswe. M'kanyumba momwe timasungira matumba a usipa wouma, khoswe akangoti tswa, Adzatopa ankafika pakhomo nthawi yomweyo. Ali ndi zaka 9 makoswe anayamba kuvina momasuka iye ali gone panja pomwepo. Chachiwiri chinali jumbo. Kale ukangokhudza jumbo ya mandasi kuseri kwa nyumba, unkangoona mchira wafika. Zimenezo zinatha mwakachetechete. Kenako likhweru la kutali: ukamuimbira uli kumpoto, iye amadzutsa mutu n'kuyang'ana kumwera, ngati mawu amupeza koma sakudziwa kumene achokera. Pomaliza ndi injini ija. Boti linayamba kufika, alovi n'kutsitsa nsomba, galu ali mtulo tofa nato pansi pa thandala, mpaka fungo la madala limupeze.

Tsiku limene nkhaniyi inafika poipa kunali mwera, maboti sanalowe m'madzi, anthu anali ambiri pamtunda. Kamnyamata ka pakhomo loyandikana nalo, ka zaka ngati zisanu, kanathamanga kuchokera kumbuyo n'kugwera pamsana pa galu ali mtulo. Adzatopa anadzidzimuka n'kukakhadzula pamkono. Bala silinali lalikulu koma magazi anatuluka. Mphindi zochepa anthu anadzaza pabwalo. Wina anati galuyu masiku ano sayankha ukamuitana. Wina anati amauwa mosiyana ndi kale, mokweza ngati wopenga. Wina anamaliza: chiwewe ichi. Anyamata awiri anali atatola kale miyala.

Mayi ake a mwanayo sindingawanene. Mwana wako akalumidwa ndi galu m'dziko lino uyenera kuopa, chifukwa chiwewe chikayamba kuonekera mwa munthu sichibwerera. Madala nawonso sanatsutse mantha awo. Anatuma mlongo wanga kuti atenge sopo ndi ndowa, balalo linatsukidwa nthawi yaitali, ndipo ine ndinakweza mayiyo ndi mwana pa njinga yamoto kupita kuchipatala, ndalama ya ulendo atatulutsa madala. Za zimene zinachitika pabwalo ine nditachoka ndinamva kwa amayi. Akuti madala anamanga galu pa mtengo wa mango, n'kuima pakati pa iye ndi anthu, n'kunena kuti: "Abale anga, mundipatse masiku khumi. Chikakhala chiwewe tiona tonse, ndipo ndidzamupha ndi dzanja langali. Koma inenso mukandiitana muli kumbuyo kwanga masiku ano sindikumva. Ndiye mwati nanenso mundigende?" Anthu ena anaseka, miyala inagwa pansi, a mfumu anavomereza masiku khumiwo.

Mawa lake anabwera alangizi a ziweto a dera lathu. Anaona kaye khadi la katemera, lomwe amayi amasunga m'chikwama chimodzi ndi makadi a kusikelo. Kenako anachita chinthu chophweka chimene aliyense wa inu angachite. Anadikira galu ayang'ane kwina, anaima kumbuyo kwake patali pang'ono pomwe chithunzithunzi chawo sichimufika, n'kugwedeza makiyi. Makutu a galu sanasunthe. Anaomba m'manja. Zii. Atamenya chivundikiro cha poto ndi supuni mwamphamvu, khutu limodzi linagwedera pang'ono. Koma atapondetsa phazi pansi, galu anatembenuka nthawi yomweyo. Anayang'ana m'makutu monse, munalibe mafinya kapena fungo. Ndiye anauza madala kuti: "Bambo, galu wanuyu wakalamba, makutu apita. Mumusungebe pachingwe masiku khumiwo monga mwa lamulo lake, koma ine ndikuona ukalamba." Masiku khumi anatha galu akudya, akumwa madzi, akugwedeza mchira. Mwana uja anachira, ndipo pano ndi amene amamubweretsera mitu ya utaka.

Chichitikireni zimenezo ndakhala ndikuwerenga za makutu a agalu, ndipo zimene ndapeza ndi izi. Phokoso lililonse ndi kunjenjemera kwa mpweya, ndipo amayeza kuti kukunjenjemera kangati pa sekondi imodzi. Muyeso wake amautcha hertz. Mawu aakulu ngati a ng'oma kapena bingu ali ndi ma hertz ochepa, mawu ang'ono ngati a udzudzu ali ndi ambiri. Munthu wachinyamata wa makutu abwino amamva mpaka pafupifupi ma hertz 20,000. Galu amafika cha m'ma 45,000. N'chifukwa chake amauwa zinthu zimene ife sitikumva, ife n'kumati waona mfiti.

Mkati mwa khutu, kupitirira kachikopa kopyapyala konga ka ng'oma ndi timafupa titatu ting'onoting'ono, muli kachiwalo kopindikapindika ngati chigoba cha nkhono zija timatola m'mchenga. M'kachigobamo muli madzi ndi timaselo tokhala ndi tiubweya pamwamba. Phokoso likafika, madzi amagwedera, tiubweya timapindika, uthenga n'kupita ku ubongo kudzera mu mtsempha. Timaselo ta pakhomo pa chigobacho ndi timene timamva mawu ang'ono aja, ta mkati kwambiri timamva mawu aakulu. Ukalamba umayamba kudya ta pakhomo. Dokotala wa ziweto wa ku yunivesite ya Utrecht ku Netherlands, Gert ter Haar, ndi anzake anayeza makutu a agalu kwa zaka zingapo, ndipo mu 2008 anafalitsa zimene anapeza: kumva kumayamba kutsika galu akafika zaka 8 mpaka 10, makamaka pa mawu a pakati pa ma hertz 8,000 ndi 32,000. Nditawerenga zimenezo ndinamvetsa chifukwa chake makoswe ndi jumbo zinayamba kutha. Mawu athu olankhula ambiri amakhala pansi pa 8,000, ndiye galu amatha kumvabe dzina lake kwa nthawi yaitali makutu atayamba kale kuwonongeka. Pamene waleka kuyankha dzina, ndiye kuti ulendo unayamba kalekale.

Chowawa chake n'chakuti timaselo timeneti tikafa sitimeranso, kaya mwa galu kaya mwa munthu. Koma tamverani ichi inu ana a asodzi. Mukagwira chambo, onani mzere uja uli m'mbali mwa thupi lake. Mumzere umenewo muli timaselo ta mtundu womwewo, ndi timene nsomba imamvera kugwedera kwa madzi, ndipo kwa nsomba tikawonongeka timameranso. Nkhuku nazonso timaselo ta m'khutu timamera tikafa. Asayansi mpaka pano akufufuza kansomba kena kotchedwa zebrafish kuti adziwe chinsinsi chake. Ndiye chambo chimene tikuwotcha pa makala chili ndi mphatso imene Adzatopa ndi madala alibe. Dziko ili!

Tsono musamve ngati galu aliyense wosamva ndi ukalamba basi. Pali kusamva kwina kumene kumachizika, ndipo kuno kunyanja n'kofala. Njira ya m'khutu la galu siyowongoka ngati yathu. Imatsika pansi kenako n'kukhota kulowa mkati ngati chilembo cha L. Galu amene amasambira tsiku ndi tsiku madzi amatsalira pokhota pamenepo, mumakhala chinyezi, tizilombo timaswana, khutu limatupa n'kutsekeka. Zizindikiro zake n'zoonekeratu: amapukusa mutu pafupipafupi, amakanda khutu mpaka kulira, mumatuluka zakuda kapena mafinya, mumanunkha, nthawi zina mutu amaupendeketsa mbali imodzi. Nkhupakupa nazo zimakonda kubisala m'makutu. Zimenezi zimatha kugwira galu wa msinkhu uliwonse ndipo akalandira mankhwala oyenera msanga amayambanso kumva. Kugontha kwa ukalamba kulibe ululu, kulibe fungo, kumagwira makutu onse awiri, ndipo kumabwera pang'onopang'ono.

Apa ndikupempheni chinthu chimodzi, mafana. M'khutu la galu musathiremo parafini, oilo wakuda wa injini, dibi wa ng'ombe, kapena mankhwala a m'maso ndi m'makutu otsala a munthu. Ngati kachikopa kaja kabooka, zimene mwathirazo zimalowa mpaka ku chigoba chija n'kupha timaselo. Ngakhale mankhwala enieni ena, monga gentamicin, amatha kugonthetsa galu akalowa m'khutu lobooka. N'chifukwa chake woyang'ana m'khutu akhale mlangizi wa ziweto kaye. Ku mayiko olemera ali ndi makina otchedwa BAER amene amaika timawaya pamutu pa galu n'kuona ngati ubongo ukulandira phokoso. Ife tili ndi makiyi, poto ndi maso, ndipo pa galu wokalamba zimenezo zimatiuza zambiri ndithu.

Nanga kusiyana kwake ndi chiwewe? Kwakukulu ndi nthawi. Galu akayamba kuonetsa zizindikiro za chiwewe sakhalitsa, amafa pasanathe masiku pafupifupi khumi. Ndiko kumene kumachokera masiku khumi omangirira galu woluma aja. Wa chiwewe amasintha khalidwe mwadzidzidzi, amachucha dovu, amaluma mitengo, miyala ndi chilichonse, chibwano chimatha kulendewera, amalephera kumeza, miyendo yakumbuyo imafooka, ena amangoyenda osadziwa kumene akupita. Wogontha ndi ukalamba wakhala akusintha kwa miyezi kapena zaka, amadya bwino, amakudziwa akakuona, ndipo amakhadzula pokhapokha wadzidzimutsidwa. Komabe mundimvetse bwino: galu aliyense akaluma munthu, kaya ndi wogontha kaya ndi wanu wokondedwa, tsukani bala ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15 monga amalangizira a WHO, ndipo pitani kuchipatala tsiku lomwelo. Masiku khumi ndi oyang'anira galu, wolumidwa asawadikire ali pakhomo. Ndiponso galu wokalamba azibayitsabe katemera. Akatswiri amati agalu 70 mwa 100 aliwonse akabayidwa m'dera, chiwewe chimasowa poyenda, ndipo ndi zimene a Mission Rabies akhala akuchita ku Blantyre kuyambira 2015. Khadi lija ndi limene linalankhula mokweza kuposa tonsefe tsiku limene alangizi anabwera.

Tsopano momwe tikukhalira naye. Galu amaona manja kuposa mmene timaganizira. Tinagwirizana pakhomo zizindikiro zitatu zokha kuti tisamusokoneze: kumenya pantchafu ndiye "bwera", chikhatho choyang'ana pansi ndiye "gona", chikhatho choimika ndiye "ima pomwepo". Poyamba chizindikiro chilichonse chinkatsagana ndi kausipa kamodzi, ndipo pasanathe mwezi anali atazigwira. Amene amati galu wamkulu saphunzira sanayesepo ndi usipa m'manja. Usiku timamuitana ndi tochi ya foni, kuyatsa ndi kuzimitsa kawiri pansi patsogolo pake, osati m'maso. Akakhala pafupi koma wayang'ana kwina timaponda pansi mwamphamvu, amamva kudzera m'mapazi.

Kudzutsa ndiye nkhani yaikulu. Galu wogontha amagona tulo tozama chifukwa palibe chomusokoneza, ndipo dzanja lomugwira mwadzidzidzi kwa iye ndi ngati fisi wafika. Ndiye timayamba kuika dzanja pafupi ndi mphuno yake kuti fungo limudzutse, kenako n'kumukhudza paphewa, malo omwewo nthawi zonse. Ana onse a pa dooko tinawasonkhanitsa n'kuwaonetsa. Lamulo ndi limodzi: Adzatopa akagona, muzereni kutsogolo. Mphasa yake tinaichotsa pansi pa thandala pomwe ana amathamangira, tinaiika pakhonde pomwe msana wake umatsamira khoma.

Zoopsa zake zenizeni ndi ziwiri, msewu ndi gombe usiku. Pa M5 minibasi ndi njinga za kabaza zimadalira hutala, ndipo hutala kwa galu wogontha ndi chimodzimodzi kuimbira mwala. Ndiye kumsewu sapitanso yekha. Kugombe nako, kumene kuli bango, galu amene samva madzi akugavira kumbuyo kwake ndi ndiwo ya ng'ona. Dzuwa likalowa amakhala kumtunda. Tinatenganso kagalu kena kakang'ono, ndipo zimene zikuchitika n'zoseketsa: kamwanako kakadzutsa makutu, mkuluyo amayang'ana iko n'kudzuka naye. Wina wabwereka makutu, wina akuphunzira ntchito. Mphuno ya mkuluyo ikadali yakuthwa. Mwezi wathawu anaima pa mulu wa maukonde akale n'kumakanda osaleka, titafukula tinapeza chisa cha makoswe. Akuluakulu sananame kuti galu wamkota sakandira pachabe.

Chinthu china chimene ndaona n'chakuti galu akagontha anthu amaleka kumulankhula, kenako amaleka kumusisita, mapeto ake amangokhala ngati mtondo wakale pabwalo. Ofufuza a ku North Carolina State University ku America anapeza mu 2022 kuti agalu okalamba amene makutu anawonongeka kwambiri amaonetsanso kufooka kwa nzeru kuposa anzawo omva bwino. Ine sindine dokotala, koma ndikaona Adzatopa tsiku limene palibe wamukhudza, amangoyang'ana khoma. Tsiku limene madala akhala naye pakhonde akusoka ukonde, phazi lawo litatsamira nthiti zake, galu amakhala wina.

Ndipo za madala zija sizinali nthabwala yongopulumutsira galu. Zaka zoposa 20 akhala kumbuyo kwa boti, khutu lili pafupi ndi injini usiku wonse. Akatswiri a zaumoyo amati phokoso lofika ma decibel 85 ukakhala nalo maola 8 tsiku ndi tsiku limawononga timaselo tomwe tija, ndipo chizindikiro chophweka n'chakuti ngati ukufunika kukuwa kuti mnzako amene ali pafupi akumve, phokosolo lapyola. Panopa wailesi amaikweza mpaka anansi amamvera nkhani kwaulere. Pa maliro kapena pa msonkhano wa komiti ya pa dooko amangogwedeza mutu, pobwerera n'kumandifunsa kuti anagwirizana chiyani. Kunyumba tinaphunzira kuwalankhula titawayang'ana kumaso, osati tili kukhitchini. Tinaphunzira zimenezi pa galu, ndipo iwo amadziwa, amangoseka. Inu amene mwayamba kumene kugwira injini, ndi inu ogona ndi ma earphone ali pa volume yomaliza, timaselo tanu ndi tomweto, ndipo simuli chambo.

Ndiye pempho langa ndi ili. Ngati pakhomo panu pali galu amene wapitirira zaka 8, muyeseni sabata ino. Dikirani ayang'ane kwina, imani kumbuyo patali, musaponde mwamphamvu, gwedezani makiyi, kenako ombani m'manja, muone makutu. Nunkhizani m'makutu mwake, mukamva fungo kapena kuona mafinya pitani naye kwa alangizi a ziweto. Ngati akumvabe, yambani lero kumuphunzitsa zizindikiro za manja pamodzi ndi mawu, kuti makutu akadzapita mudzakhale muli ndi chilankhulo china kale. Fufuzani khadi la katemera mudziwe pomwe lili. Ndipo muwauze ana a pakhomo za kuzera kutsogolo.

Amene mwayesa mundiuze mu group zimene mwapeza, ndi zaka za galu wanu, tione ngati za ku Utrecht zija zikugwirizana ndi agalu athu a kuno. Tumizaniko ku ma group ena a m'mphepete mwa nyanja, ku Salima, ku Mangochi, ku Nkhata Bay mpaka ku Karonga. Amene mukulowa m'madzi usiku uno, muyende bwino, mwera ukayamba bwererani msanga.